Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: za tizilombo ndi matenda a masamba a chamba cholimidwa m'nyumba

Mangochi

Achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tonse tili bwino, kungoti mwera wavuta pa nyanja masiku ano, moti asodzi ambiri angokocheza mabwato awo ndipo usipa wakwera mtengo pamsika.

Zithunzi za masamba zimene munanditumizira pa WhatsApp ndaziyang'ana mofatsa, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndikuyankheni ndi kalata, chifukwa nkhaniyi siingathe ndi mawu awiri kapena atatu. Mwafunsa ngati mungagule mankhwala onga amene alimi amapopera tomato kuno kuti mupopere zomera zanu zachamba zimene zili m'chipinda. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musatero. Tomato tikamupopera timadikira masiku amene alembedwa pa botolo, kenako timamutsuka tisanamudye, koma maluwa a chamba ali ndi utomoni womata umene umagwira chilichonse chogwerapo, ndipo poizoni akakakamira pamenepo sachoka ndi madzi. Amauma limodzi ndi maluwawo n'kukathera m'thupi mwa munthu. Komanso chipinda chimene mukupoperacho chili m'nyumba imene mukugona inu ndi ana.

Ndikudziwa kuti kumeneko khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu angathe kulima chamba choti agwiritse ntchito yekha pamalo ake, ndipo mu 2024 pulezidenti anasainira lamulo lokhudza zimenezi, ngakhale kuti kugulitsa n'koletsedwabe. Kwathu kuno zinthu n'zosiyana. Lamulo la 2020 limalola okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku bungwe la boma loona za chamba la Cannabis Regulatory Authority, ndipo ndi cha ntchito za mankhwala, za m'mafakitale ndi za kafukufuku basi. Choncho mukamabwera kutchuthi mu Disembala musanyamule kanthu kalikonse, ngakhale njere imodzi, podutsa pa Mwanza kapena pa Dedza. Ine sindilima chamba, koma tizilombo timene ndaona pa zithunzi zanu ndi a mtundu womwewo ndi amene ndimalimbana nawo m'dimba la tomato chaka ndi chaka.

Timadontho toyera ndi tachikasu timene tawazika pamwamba pa masamba anu, pamodzi ndi kaulusi kopyapyala kamene kakuoneka pamene tsamba lalumikizana ndi nthambi, ndi ntchito ya akangaude ang'onoang'ono amene kuno timawatcha akangaude ofiira. Tembenuzani tsamba muyang'ane kunsi kwake, chifukwa ndi kumene amakhala, kudya ndi kuikira mazira. Ngati maso sakuwaona, ikani pepala loyera pansi pa nthambi ndipo muigwedeze, mudzaona tinthu tonga fumbi tikuyenda papepalapo. Amaboola tsamba n'kuyamwa madzi ake, ndipo kadontho kalikonse ndi pamene anayamwa. Chimene chimawachulukitsa ndi kutentha ndi kuuma kwa mpweya. Kuno amatisautsa kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe, pamene fumbi lili ponseponse. Inu mwanena kuti chifukwa cha chisanu mwatseka mazenera ndipo hita ikuyaka usiku wonse, pamene mpweya wa ku Johannesburg m'miyezi ino ndi wouma kale. Mwawakonzera Okutobala wa ku Mangochi m'chipinda mwanu. Pa kutentha kotere dzira limaswa ndi kukula kufika poikira mazira ena pa sabata imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono, ndipo wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira okwana 100 pa moyo wake.

Pa chifukwa chimenechi kupopera kamodzi sikuthandiza, ngakhale mankhwala ake akhale abwino chotani. Zimene mungapopere zimapha akangaude amene akuyenda, koma mazira ambiri amatsala, ndipo pakapita masiku ochepa munthu amadabwa kuona vuto labwerera. Choyamba thotholani masamba amene awonongeka kwambiri, muwamange m'jumbo ndi kukawataya kunja, osati pa mulu wa kompositi. Kenako tengani chomera chilichonse mupite nacho ku bafa, muchipendeketse, ndipo mutsuke kunsi kwa masamba ndi madzi osatentha komanso osazizira kwambiri. Madzi okhawo amachotsa akangaude ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Masamba akauma, poperani madzi a sopo: supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wosanunkhira mu lita imodzi ya madzi. Sopo wa ufa wochapira zovala musamugwiritse ntchito chifukwa amawotcha masamba. Sopo amapha kachilombo kokhako kamene wakakhudza ali wonyowa, ndiye kupopera pamwamba pa tsamba pokha n'kutaya nthawi. Muzibwereza pakatha masiku atatu kapena anayi aliwonse kwa masabata awiri kapena atatu, kuti ana onse oswa kumene azipezana ndi sopoyo asanayambe kuikira.

Za nimu mukuzidziwa kale, popeza mitengo yake ili paliponse pa boma pano. Kuno timatola njere zakupsa, kuziyanika pamthunzi, kuchotsa makoko, kusinja, ndipo timaviika magalamu 50 mu lita imodzi ya madzi usiku wonse tisanasefe ndi kansalu. Kumeneko n'kosavuta kupeza mafuta a nimu m'masitolo ogulitsa mbewu ndi maluwa. Sakanizani mamililita asanu mu lita imodzi ya madzi ofunda pang'ono ndi timadontho tochepa ta sopo kuti mafuta asayandame, ndipo mugwiritse ntchito tsiku lomwelo, chifukwa mphamvu yake imatha msanga akasakanizidwa ndi madzi komanso akawalidwa. Nimu sapha nthawi yomweyo ayi. Amachititsa kuti kachilombo kasiye kudya ndi kulephera kufundula, choncho musataye mtima mukaona tizilombo tikuyendabe mawa lake. Muzipopera magetsi anu olimira atazima kapena atatsala pang'ono kuzima, pakuti mafuta ali patsamba pansi pa getsi lamphamvu amasiya mabala. Yambani mwayesa pa nthambi imodzi ndi kudikira tsiku limodzi. Ndipo pamene maluwa ayamba kupangika, lekani nimu ndi sopo yemwe.

Pali chinthu china chimene ndikufuna ndikuchenjezeni mwamphamvu, chifukwa anthu ambiri akamva kuti mankhwala ndi achilengedwe amaganiza kuti sangavulaze munthu. Alimi akuno amagwiritsa ntchito mthuthu, umene ena amautcha ombwe, ndipo umaphadi tizilombo, koma muli poizoni wotchedwa rotenone amene amapha nsomba m'madzi, n'chifukwa chake ife okhala m'mbali mwa Shire ndi Malombe sititsukira sipuleya mumtsinje tikaugwiritsa ntchito. Woterewu si woyenera pa chomera chimene munthu adzachilowetse m'thupi. Madzi oviika fodya nawonso muwapewe, pakuti chikonga chake chimalowa pakhungu la wopopera, komanso fodya amatha kunyamula kachirombo koyambitsa matenda a mawangamawanga pa masamba. Adyo ndi tsabola wosinja n'zofatsa poyerekeza ndi zimenezi ndipo zimathandizako pa nsabwe za m'masamba, koma m'chipinda chotseka tsabola amatsamwitsa ndi kuwawa m'maso, ndiye ngati mwasankha zimenezo tsegulani zenera ndipo ana atalikire.

Nthawi ya maluwa ikafika akangaude asanathe, njira imene yatsala ndi ya adani awo. Ku South Africa kuli makampani amene amaweta ndi kugulitsa akangaude ena odya anzawo, otchedwa Phytoseiulus persimilis, amene alimi a m'nyumba za pulasitiki amawathira pa tomato ndi maluwa. Amenewa sadya tsamba, amadya akangaude owonongawo pamodzi ndi mazira awo, ndipo chakudya chikatha amafa okha. Amagwira bwino ntchito mpweya ukakhala wachinyezi, osati wouma, ndipo simungawathire pa masamba amene mwangopopera sopo kapena mafuta. Ine njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa siisiya kanthu pa chomera.

Tintchentche takuda timene mwati timauluka mukagwedeza mphika tikusonyeza kuti mukuthirira mopitirira muyeso. Timaikira mazira m'dothi lonyowa ndipo mphutsi zake zimadya timizu tating'ono. Lolani dothi lapamwamba liume kufika pamene chala chingalowe mpaka pa mfundo yachiwiri osamva chinyontho, onetsetsani kuti miphika ili ndi mabowo pansi ndipo siikukhala m'mbale ya madzi, komanso imikani timapepala tachikasu tomata pafupi ndi dothi. Timapepalati timagwiranso ntchentche zoyera ndi tizilombo ting'onoting'ono towonda totchedwa thrips, ndipo timakudziwitsani msanga kuti kwabwera mlendo.

Tsopano za masamba apansi amene asanduka achikasu. Pamenepa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa akaona chikasu amathamangira kuthira feteleza kapena kupopera asanadziwe chimene chavuta. Muziyamba mwaona malo amene chikasucho chayambira. Chikayambira pa masamba akale apansi, tsamba lonse n'kuyezuka mofanana kenako n'kugwa, nthawi zambiri chomera chikusowa nayitirojeni, ndipo chikusamutsa amene ali m'masamba akale kupititsa ku nsonga, monga mmene chimanga chosathiridwa feteleza chimachitira. Ngati masamba akalewo achita chikasu pakati pa mitsempha koma mitsemphayo ikadali yobiriwira, vuto ndi maginiziyamu, ndipo supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa Epsom mu malita anayi a madzi othirira imathandiza. Koma chikasu chomwecho cha pakati pa mitsempha chikaoneka pa masamba anthete a kunsonga, ndiye kuti ndi ayironi, amene kawirikawiri amakhalamo m'dothi koma mizu ikulephera kumutenga chifukwa pH, umene ndi muyeso wosonyeza ngati dothi kapena madzi ali ndi asidi wambiri kapena wochepa, yakwera. Chomera chimenechi chimafuna dothi la pH ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo timapepala toyezera sitidula. Ndikukulangizani kuti muyeze madzi anu a pampopi ndi madzi otuluka pansi pa mphika musanawonjezere chakudya chilichonse.

Pa zithunzi zanu ndaonanso kuti masamba alendewera pansi ngakhale kuti ndi okhuthala ndipo dothi ndi lonyowa. Mukaphatikiza zimenezi ndi tintchentche tija, maganizo anga ndi akuti chikasu chanucho chachokera ku madzi ochuluka. Mizu yomira m'madzi imasowa mpweya, imayamba kuola, ndipo siingakoke chakudya ngakhale chitakhalapo chambiri. Mukathira feteleza pa mizu yotere mungoonjezera vuto, ndipo mudzaona nsonga za masamba zikupsa ndi kupindikira pansi, chimene ndi chizindikiro cha chakudya chopyola muyeso. Chepetsani madzi kaye kwa sabata imodzi, muone masamba atsopano mmene atulukire. Tsamba limene lachita kale chikasu silibwereranso, ndiye musamaliyang'ane ilo pofuna kudziwa ngati chomera chikuchira. Chikachira, kompositi wakupsa bwino kapena manyowa a nyongolotsi othira pamwamba pa dothi ndi okwanira. Manyowa a nkhuku osaola musawalowetse m'nyumba, amawotcha mizu ndi kuitana ntchentche. Masamba okhawo a pamwamba penipeni akayezuka ndi kupinda m'mphepete, pamene apansi ali bwino, kwezani getsi, layandikira kwambiri.

Chomaliza chimene ndikuopa ndi chuku, makamaka mukadzayamba kuonjezera chinyezi pofuna kugonjetsa akangaude. Pali chuku choyera chonga ufa chimene chimamera pamwamba pa masamba pamene zomera zathithikana ndipo mpweya sukuyenda. Chikangoyamba, chotsani masamba ogwidwawo ndipo mupopere gawo limodzi la mkaka m'magawo asanu ndi anayi a madzi, kapena supuni yaing'ono imodzi ya soda wophikira mu lita imodzi. Choopsa kwambiri ndi chuku chotuwa chimene chimaoletsa duwa kuyambira m'kati, moti pofika poonekera kunja duwa lonse latha. Duwa lotere lilibe mankhwala, lidulidwe ndi kutayidwa, ndipo musayerekeze kuligwiritsa ntchito podula mbali yoolayo, chifukwa fumbi la chuku limavulaza mapapo, makamaka kwa munthu wa mphumu kapena wa chitetezo chochepa m'thupi. Gulani kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi, ndipo nthawi ya maluwa chinyezi chisapitirire 50 peresenti. Fani yaing'ono yoyendetsa mpweya usana ndi usiku imateteza ku chuku cha mitundu yonse iwiri, ndipo mutalikitse miphika kuti masamba a chomera china asakhudzane ndi a chinzake.

Mwanena kuti mbande ziwiri munapatsidwa ndi mnzanu wa kuntchito. N'kutheka kwambiri kuti akangaudewo analowa ndi mbandezo, chifukwa ndi njira imene amalowera kawirikawiri m'chipinda chotseka. Mbande iliyonse yochokera kwina muziisunga payokha kwa masabata awiri, mukuyang'ana kunsi kwa masamba ake, isanakumane ndi zinzake. Mukachokera kudimba la panja kapena kokagula mbewu, sinthani malaya ndi kusamba m'manja musanalowe m'chipindamo, ndipo mukadzakolola mudzatsuke makoma, pansi ndi miphika yonse ndi sopo musanadzale china. Chitseko chake chizikhala chokhoma chifukwa cha ana.

Pakatha masabata awiri munditumizire zithunzi zina, chimodzi cha kunsi kwa tsamba ndi china cha nsonga yatsopano, zojambulidwa pa kuwala kwa dzuwa osati pansi pa getsi lolimira, chifukwa getsilo limasintha mtundu wa masamba. Mundiuzenso zimene mwapeza poyeza pH. Mayi anu ndinawaona Lachisanu lapitali ku Namwera, ali bwino ndipo akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi