Mlongo wanga khansala akufuna uphungu, koma wandifufuta m'mbiri yake

Zikomo amayi,

Ndikulemba pakati pa usiku, anzanga amene timagawana nawo chipinda kuno ku Rosettenville ali mtulo. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg. Boma la kwathu ndi chipani sinditchula, chifukwa nkhani ikatuluka m'nyuzipepala sichedwa kufika pa WhatsApp, ndipo kwathu adziwa kuti ndi ine.

Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga, ndi khansala. Tsopano akufuna kukaima ngati phungu wa Nyumba ya Malamulo pa chisankho cha pa 16 September 2025. Akuti mwayi ndi womwewu, poti MEC inadula madera mwatsopano kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndipo mbali yathu yakhala dera palokha lopanda mwini. Mapulaimale wapambana kale. Lamulungu lapitali wanditumizira voisi kuti achemwali, ndipezereni R15 000 ya nsalu, matisheti ndi mafuta a galimoto ya kampeni, isanathe sabata.

Ndalamayo si imene yandisowetsa tulo. Ndi vidiyo.

Munthu wina anaiponya pa gulu lathu la anthu akumudzi okhala kuno ku Joni. Ndinaionera mu teksi, foni ili pamwendo, ndikubwera ku ntchito. Mnyamata wa chimkuzamawu akuwerenga mbiri ya mlongo wangayo pa bwalo la sukulu imene tonse tinaphunzirapo, mafumu ali pa mipando kutsogolo. Akuti mwana wamasiye, anadzilera yekha, anagulitsa makala kuti apeze fizi mpaka kukhoza MSCE. Kenako iye mwini n'kuimirira, n'kunena kuti achinyamata mundione ine, sindinathawire ku Joni kukatsuka zimbudzi za eni ake, ndinakhala pompano ndi inu. Amayi n'kululutira. Pakati pa olulutirawo ndinawaona azakhali athu, amene ndimawatumizira ya feteleza chaka ndi chaka.

Amayi, zimbudzi akunenazo ndimatsuka ndine. Makolo atamwalira iye anali Sitandade 7. Ine sukulu ndinaisiyira panjira. Makala anagulitsadi, tchuthi chimodzi, ndipo njinga yake inali yobwereka kwa amalume. Fizi ya Fomu 1 mpaka Fomu 4 inachoka m'manja mwanga. Mmene ndinapezera ya chaka choyamba, ndisanapeze ntchito kuno, sindinena, ndipo iye sadziwa mpaka lero.

Musaganize kuti ndikumuipitsa. Ntchito amagwira. Anayamba ngati mphunzitsi wothandizira pa pulaimale, wolipidwa ndi makolo, kenako mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako analowa mu komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC). Nthawi imeneyo makhansala kunalibe, paja anatha mu 2005 ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Ndi pamene iye anaima, anthu ambiri asakudziwa n'komwe kuti khansala amagwira ntchito yanji. Mu 2019 anamusankhanso. Mijigo ya m'wodi mwake ikafa amathamanga nayo yekha ku khonsolo, mlatho wa pa mtsinje wa kwathu anaulondola mpaka unamangidwa, amayi oyembekezera amawanyamula pa njinga yamoto usiku kupita nawo kuchipatala. Maliro aliwonse amakhalapo, ndipo bokosi likasowa anthu amayang'ana iye. Ndiye vuto lake: khansala salandira zambiri, pamene ndalama za chitukuko cha dera la phungu (CDF) anthu amazidziwa ndi dzina la phungu. Iye amadandaula kuti akavutikira chitukuko, wodzadula riboni ndi phungu. Zimenezo ndimazimvetsa. Koma mabokosi ena amene anthu amamutamanda nawowo anagulidwa ndi randi zanga kudzera ku Mukuru. Malisiti ndili nawo mufoni.

Ngakhale suti imene wavala pa chithunzi cha kampeni ndinagula ndine ku Small Street, pamodzi ndi nsapato zabulauni. Ndinazitumiza pa basi ku Park Station limodzi ndi makatani ndi duveti ya mlamu wanga. Mlamuyo sanathokoze. Anangouza mwana wanga kuti makataniwo mtundu wake sukugwirizana ndi mipando. Mipando imene theka lake ndinalipira ine! Mwina munena kuti ndi zazing'ono, koma ndinayenda wapansi kuchoka ku Bree tsiku limenelo kuti ya teksi ionjezere pa mtengo wa katunduyo.

Ndatchula mwana. Mtsikana wanga ali Fomu 3 ndipo amakhala kwa mlongo wanga yemweyo. Za bambo ake tisakambe. Apa ndi pamene manja anga amangika. Ndikakana ndalama, adzadya bwanji nsima m'nyumba imeneyo? Ndipo vidiyo ija naye anaiona, poti amayimba nawo m'gulu la atsikana a kampeni. Sanandifunse kanthu, nanenso sindinamufunse.

Nditamuimbira mlongo wangayo anaseka. Akuti achemwali musatengere kumtima, ndi ndale chabe, mdani wanga ndi mtchona wobwera ndi ndalama za ku Joni ndiye ndimalasa iyeyo. Akuti ndikapambana mudzabwerera kumudzi, ndidzakutsegulirani shopu. Mu 2014 ananenanso za shopu. Kumudzi chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 amaona ngati randi timatola pansi. Sadziwa kuti R15 000 kwa ine ndi malipiro a miyezi ingapo, lendi ndisanalipire, komanso mapepala anga sali bwino, galimoto ya apolisi ikadutsa ndimaganiza za Lindela, kumene amasunga alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Ngakhale voti yanga sadzaiona, poti ife a kunja sitivota tili kuno.

Mnzanga wa ku tchalitchi akuti ndiponye malisiti onse pa Facebook anthu adziwe. Usiku wina ndinazisankha kale zithunzi za malisitiwo, chala chili pa batani. Koma ndi mwana wa mayi anga. Akagwa chifukwa cha ine, akumudzi adzati mfiti ndi mlongo wake. Komanso ndimamva kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pokopa mavoti, ndipo ndikukayika ngati zonsezo zikupitadi ku matisheti.

Ndithandizeni amayi. Nditumize, kapena nditumize theka? Ndimuuze kuti sindipereka kanthu mpaka atandipepesa pa bwalo lomwelo pamaso pa mafumu, kapena kumeneko n'kufuna zambiri? Ndiwatume amalume akakhale naye pansi, pamene amalumewo ali m'komiti yake ya kampeni? Nanga mwana wanga ndimuchotse panopa pakati pa teremu, ndikamusiya kwa yani?

Ine mlongo wake wa khansala,
Rosettenville, Johannesburg