Tisamathamangire kumanga fani dayilekiti

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi amakaniko anzanga komanso eni galimoto kuno ku Mangochi. Dzuwa la Okutobala lafika, ndipo ma Sienta, ma Probox ndi ma Corolla akale ayambanso kuima m'mbali mwa msewu maboneti ali yasa! Pa chitunda cha Chowe popita ku Namwera ndiye musachite kunena. Ine ntchito yanga ndi yokonza zamagetsi a galimoto pa Boma pano, ndipo zomwe ndikumapeza pansi pa maboneti amenewa sizikundisangalatsa.

Galimoto ikangowira, mankhwala amene atchuka masiku ano ndi awiri: kuzula thermostat (kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku radiyeta injini ikatentha) n'kuitaya, kenako kumangira fani ya radiyeta ku kiyi kuti izingozungulira osapuma. Mwini galimoto amauzidwa kuti, "Taimanga dayilekiti bwana, vuto latha." Amalipira n'kunyamuka akumwetulira, chonsecho palibe wafufuza chomwe chinaimitsa faniyo.

Fani yamagetsi sinapangidwe kuti izigwira ntchito nthawi zonse. Mukamathamanga kupita ku Monkey Bay, mphepo yokha imaziziritsa radiyeta. Fani imafunika pamene mwaima pa depoti injini ikulira, kapena mukukwawa pa giya yaing'ono mutadzaza matumba. Madzi akatentha kufika cha m'ma digiri 90 mpaka 100, malinga ndi mtundu wa galimoto, swichi kapena sensa imadzutsa rile, ndipo rileyo amalumikiza moto wa batire ku mota ya fani kudzera pa fyuzi. Nchifukwa chake geji ya kutentha kwa injini ikamakwera mukaima n'kutsika mukathamanga, mlandu umakhala wa fani. Koma ikamawira muli pa liwiro, isiyeni fani, mukaone radiyeta, pampu ya madzi kapena gasiketi.

Kufufuza kwake sikudya ndi ola lomwe. Choyamba ndi madzi, injini itazizira. Madzi akachepa, sensa imatsala pamwamba pouma ndiye imanama, fani osadzuka. Kenako fyuzi. Apa ndiye pamene ndimapsa mtima, chifukwa m'bokosi la mafyuzi ndimapezamo kawaya ka mkuwa, pena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, atakakulunga bwinobwino. Fyuzi ikapsa kawiri, ndiye kuti mota ikukoka moto wambiri kapena waya wasupuka penapake n'kukhudza bodi. Mukaikapo mkuwa, chopsa chimakhala waya wonse, mwinanso galimoto imene.

Rile musamuganizire, muyeseni. M'bokosi momwemo mumakhala mnzake wofanana naye, kawirikawiri wa hutala. Manambala akafanana, asinthanitseni muone. Zikakanika, zulani pulagi ya fani, mutenge mawaya awiri muipatse mota moto wa 12V kuchokera ku batire. Kumeneku ndi kuyeza chabe, si kukonza ayi. Ikangoti duu, kapena ikamafuna kuti muigogode ndi chigwiriro cha sikuludiraiva ndiye izungulire, kawirikawiri mabulashi (timakala topereka moto m'kati mwa mota) amakhala atatha. Mota zambiri zakale zimatheka kutsegula n'kuika mabulashi ena, ndipo zimatchipa kusiyana ndi kugula fani yonse. Musaiwalenso waya wa ethi, uja womangidwira ku bodi. Fumbi ndi dzimbiri zimadya pamene wamangidwira, ndipo nthawi zina kungopalapo n'kumanganso nati, ntchito yatha.

Eni ma Corolla a zaka za m'ma 1990 ali ndi mwayi wina. Pa ambiri mwa amenewa, mukayatsa kiyi n'kuzula pulagi ya swichi ya fani, fani imayamba yokha kuzungulira. Ikatero mwadziwa kuti fyuzi, rile ndi mota zili bwino, yafa ndi swichi, kachitsulo kochepa ngati chala.

Pali chinanso chimene ndakumana nacho kangapo. Munthu wagula fani yakale yochotsa pa galimoto ina, womanga wasemphanitsa mawaya. Fani ikulira mwamphamvu ndithu, koma ikukankhira mphepo kutsogolo m'malo moikokera ku injini. Ikani kapepala kutsogolo kwa radiyeta. Kakamamatira, zili bwino. Kakamauluzika, mawaya atembenuzidwa.

Sindikukana, usiku ukakupezerani pa msewu wa Makanjira kopanda wokuthandizani, kumanga dayilekiti kukhoza kukufikitsani kunyumba, bola fyuzi ikhalepo. Choipa nchakuti za usiku umodzi zimenezi anthu akuyenda nazo chaka chathunthu. Mota yozungulira tsiku lonse imamaliza mabulashi msanga, ndipo imadzafa mwakachetechete dalaivala akukhulupirira kuti fani yake siima. Kopanda thermostat, injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, makamaka m'mawa wa mu Juni kumtunda kwa Namwera, ndiye imamwa mafuta ambiri n'kumadyeka m'kati. Mafuta omwewa amene tikumagonera pa mzere!

Za madzi ndinenepo pang'ono. Kukhala pafupi ndi nyanja kwatipangitsa kuti tizingotunga paliponse n'kuthira mu radiyeta. Madzi a m'nyanja ndi a pa mjigo amasiya dzimbiri ndi zoyangayanga zimene zimatseka timipata ta radiyeta n'kukuta sensa. Kulanti, madzi a mankhwala othira mu radiyeta, amaoneka wodula, koma funsani amene anasinthapo hedi gasiketi. Ndipo chonde makondakitala ndi anyamata othandiza, musamatsegule chivundikiro cha radiyeta injini ili moto. Nthunzi yake imasupula khungu. Zala nazo zizikhala kutali ndi mapiko, poti fani imatha kudzuka yokha osakuchenjezani.

Eni galimoto, makaniko akanena kuti amanga dayilekiti, muwafunse mwaulemu kuti akuonetseni fyuzi, rile ndi swichi, ndipo akuuzeni chomwe chafa pa zitatuzi. Akakuchotserani thermostat, muwauze aiponye m'madzi owira muli pomwepo. Ikatseguka, ndi yamoyo, aibwezeretse.

Wokonza zamagetsi a galimoto,
Mangochi Boma