Ndinasaina macheke osalembedwa, tsopano akufuna ndikhale wapampando

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 47, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Ndimagwira ntchito m'boma kuno ku Salima, chaka chino ndikukwanitsa zaka 22 chiyambireni. Ofesi yake sinditchula, mukudziwa kuchepa kwa tauni yathu, ukayetsemula pa Kamuzu Road m'mawa, pofika masana a ku Senga Bay amakhala atamva kuti uli ndi chimfine. Ndinayamba ngati kalaliki wosunga mafayilo. Kenako ndinachita dipuloma ku Lilongwe, kumakwera minibasi Lachisanu madzulo n'kubwerako Lamulungu usiku, mpaka lero pali anthu angapo amene amanditchula kuti bwana. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye ndabwera kwa inu moto wanga usanafike padenga.

Zaka zitatu zapitazo alamu anga, msuweni wa bambo akunyumba, anabwera kwathu Lamulungu titangoweruka kutchalitchi. Iwowa ali ndi bungwe lomwe si laboma, analiyambitsa okha. Limalipirira atsikana ovutika fizi ya kuhositelo, kuwagulira yunifomu, ena kuwapatsa njinga, makamaka a m'midzi ya kunyanja komwe mwana wamkazi akangofika Fomu 2 ndalama za asodzi zimayamba kumuitana. Anandipempha kuti ndilowe m'bodi ya bungwelo. Sanabise chifukwa chake. Azungu amene amatumiza thandizo anali atafunsa kuti zimatheka bwanji bungwe la atsikana kukhala ndi bodi ya abambo okhaokha. Ndinavomera tsiku lomwelo. Inenso ndinaphunzira ndi ndalama ya mpunga womwe mayi anga ankalima ku Lifuwu, ndipo ndikukudziwa kuwawa kwa kubwezedwa pageti ya sukulu, chikwama chili kumutu, anzako akukuyang'ana pawindo. Komanso ndisaname, ndinanyada. Ndinaona kuti dzina langa layamba kumveka kunja kwa ofesi.

Msonkhano woyamba unachitikira pa loji ina kunyanja. Titakhala pansi wapampando, bambo wachikulire wopuma pantchito, anati, "Amayi, titsegulireni ndi pemphero." Ndinapemphera. Itakwana 10 koloko anati, "Amayi, tationereniko za tiyi kukhitchiniko." Ndinanyamuka. Pobwerako ndinapeza atagwirizana kale kuti ine ndikhale msungichuma, ati amayi ndiye odziwa kumanga ndalama pachitenje. Anaomba m'manja, ine n'kumwetulira. Zokambirana zonse sizinathe ola limodzi. Tinadya chambo, aliyense analandira envulopu yake ya alawansi, basi kubalalika. Pa nthawiyo sindinaone cholakwika chilichonse.

Pomwe ndinalakwa ndi apa, ndipo sindikufuna kudzitchinjiriza. Akaunti ya bungwe kubanki imafuna anthu awiri osaina, mkulu wa bungwe ndi msungichuma. Loweruka lina m'mawa ndili kuseri kwa nyumba ndikupala nsomba, ndinamva hutala pageti. Anali alamu, pa galimoto ya bungwe, injini osazimitsa. Anati, "Alamu, ndikuthamangira ku Lilongwe, mungondisainiratu masamba asanu a macheke, zinazo ndikalemba konko ndikaona mitengo." Ndinapukuta manja pachitenje, n'kusaina masamba asanuwo nditatsamira pa boneti, mamba a nsomba akadali kuzala. Panalibe dzina la wolandira, panalibe ndalama yake, panalibe deti. Ine yemweyo amene kuofesi ndimabweza vocha ya mnyamata chifukwa chosowa lisiti limodzi la mafuta! Zimenezi zinachitika kangapo, kuwerenga bwinobwino mwina kakhumi. Nthawi zonse ankabwera mothamanga, ndipo nthawi zonse ankabwera kunyumba, osati kuntchito. Pakhomo pako, amuna ako atakhala pakhonde akumwa tiyi ndi msuweni wawo, ungayambe bwanji kufunsa kuti ndione kaye kotesheni?

Chinanditsegula maso ndi ulendo wa kuntchito, wosakhudzana ndi bungwe n'komwe. Tinapita pa sukulu ina ya sekondale chakumpoto kwa boma lino, mbali ya ku Khombedza. Titamaliza zomwe tinapitira, ahedi ake, mayi mnzanga, anandikokera pambali. Anati anandiona pachithunzi cha pa kalendala ya bungwe lija. Anatsegula kabati n'kutulutsa kope lachikuto cholimba, lakuda lija, n'kundionetsa tsamba lomwe analemba mayina a atsikana 11 a bungwe lathu. Kutsogolo kwa dzina lililonse kunali mzere wofiira. Matemu awiri osalipiridwa. Atatu anali atasiya kale sukulu, mmodzi mwa iwo anakwatiwa kudoko. Ahediwo sanandikalipire. Anangoti, "Amayi, ine ndawasunga anawa ndi ufa wa anzawo, koma komiti ya makolo yatopa nane." Azakhali, sabata zitatu m'mbuyomo ndinali nditasaina lipoti lopita kwa azungu lonena kuti ana onse alipiriridwa mpaka kutha kwa chaka. Pobwerera pa msewu wa M5 anzanga m'galimoto ankaseka nkhani zawo, ine ndili duu, m'mimba mukutentha.

Pa msonkhano wotsatira ndinapempha zinthu ziwiri zokha, sitetimenti ya kubanki ya miyezi 12 ndi malisiti a kusukulu. M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka fani. Wapampando anakonza kukhosi n'kunena kuti, "Amayi, kuno timagwira ntchito mokhulupirirana." Alamu anayamba kufotokoza za kugwa kwa kwacha, ati chichepetsereni mphamvu yake ndi 44 peresenti mu November 2023 bajeti sinakhalenso m'malo. Ndinayankha kuti n'zoona zinthu zinakwera, koma thandizo lathu limabwera m'mapaundi, ndiye kwacha ikagwa makwacha olowa mu akaunti amachuluka, sachepa. Bambo wina anaseka n'kumenya tebulo, amvekere, "Eee, tadzipezera Chizuma wathuwathu!" Onse anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Maminitsi atabwera, funso langa munalibe. Nditapempha fayilo yonse kwa mtsikana wa kuofesi ya bungwe, yemwe anandipatsa akunjenjemera, ndinapezamo maminitsi a misonkhano iwiri yomwe sinachitikepo, dzina langa lili pa anthu opezekapo, ati ndine amene ndinapereka lipoti la zachuma ndipo bodi inavomereza.

Kuyambira tsiku limenelo sindinasainenso cheke. Koma moto unasamukira kunyumba. Bambo akunyumba si munthu woipa, ndinene chilungamo. Nthawi yomwe ndinkapita kusukulu ku Lilongwe ankatsala ndi ana, kuwasambitsa ndi kuwaphikira, anzawo akuwaseka kuti adyetsedwa mankhwala. Koma pa nkhani iyi atembenuka. Akuti ndikufuna kuwadanitsa ndi abale awo, akuti msuweni wawoyo ndi amene anawalipirira fizi bambo awo atamwalira. Usiku wina anandiuza kuti, "Martha Chizuma uja anali mkulu wa ACB yonse, bungwe lothana ndi katangale lija, koma apolisi anakamutenga kunyumba mbandakucha mu December 2022. Nanga iwe uli ndi ndani kumbuyo kwako?" Apongozi anga anaimba foni kuchokera kumudzi, sanatchule za ndalama, anangoti chibale ndi fupa sichiola. Mwezi watha pamaliro a kuchimuna nditafika pomwe amayi ankaphika, nkhani inaduka, wina n'kundipatsa mpando m'malo mwa mthiko, ati abwana asadetse manja. Inu mukudziwa tanthauzo la mpando umenewo pamaliro.

Tsopano chomwe chandipangitsa kuti ndikulembereni ndi ichi. Wapampando uja akuti watopa, akufuna kupuma. Azungu akubwera kudzayendera ntchito miyezi iwiri ikubwerayi. Alamu anabweranso kunyumba, ulendo uno atanyamula thumba la mpunga wa kilombero, nkhope ili mwee, n'kunena kuti bodi yaona kuti ine ndikhale wapampando. Ati ndidzakhala mayi woyamba, ati azungu adzasangalala, ati zakale tiziiwale. Usungichuma apereka kwa bambo wina amene sanafunsepo funso chilowereni m'bodi. Bambo akunyumba anasangalala, akuti waona, akukulemekeza. Koma ine ndikaiyang'ana nkhaniyi ndikuona kuti akundichotsa pomwe pali mabuku n'kundiika pomwe pali kamera. Ine ndi amene ndidzaime kutsogolo kwa alendo nditavala chitenje cha bungwe, kunena ndi pakamwa panga kuti zonse zili bwino.

Chikundivuta n'chakuti mpandowo ndikuufuna. Ndikanena kuti sindikuufuna ndiye kuti ndikunama. Pa misonkhano ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe kukhonsolo, amayi timatha kuwerengana ndi zala, ndipo ambiri timakhala kumbuyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60, koma pamipando ya pamwamba ife sitinazionebe kwenikweni. Tsiku lomwe Catherine Gotani Hara anasankhidwa kukhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019, amayi a muofesi mwathu tinaunjikana pa wailesi ya mlonda n'kuimba nthungululu ngati tili paukwati. Pali atsikana awiri amene angoyamba kumene ntchito, amabwera kudzandifunsa za maphunziro ndi za momwe angayankhire mabwana aamuna. Ndikathawa adzati chiyani? Nthawi ya Joyce Banda tinamva ndi makutu athu anthu akunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Bambo akalephera amati uje walephera. Mayi akalephera amati amayi alephera, tonse.

Komanso mbali inayo ikundiopsa kuposa. Ndinaitanidwa ku intavyu yokwezedwa giredi, ndipo pa CV yanga ndinalembapo monyadira kuti ndine msungichuma wa bodi imeneyi. Ndatsala ndi zaka 13 kuti ndipume, penshoni yanga ndi yomwe tikuwerengera kuti tidzamalizire nyumba. Ndikukumbuka bwino Cashgate ya 2013, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ija. Woyamba kugamulidwa kukakhala kundende, mu 2014, anali mayi, mlembi wamkulu wa unduna. Ine sindinadye ndalama ya mwana aliyense, zomwe ndinalandira ndi maenvulopu a alawansi basi. Koma macheke aja ali ndi siginecha yanga, lipoti lija lili ndi siginecha yanga, ndipo woweruza sadzafunsa ngati ndinali ndi mamba a nsomba m'manja posaina.

Anzanga awiri amene ndinawauza akundikokera kosiyana. Wina akuti lemba kalata yotula pansi udindo, unene kuti ntchito yachuluka, utuluke mwakachetechete banja lako lipume. Koma mlandu suola, ndipo ndikatuluka chete atsikana asanu ndi atatu otsala aja atsala ndi ndani? Winayo, yemwe amagwira ntchito ku bungwe lalikulu ku Lilongwe, akuti ndilembere azungu mwachindunji, kapena ndikanene ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, komwe mabungwe onsewa amayenera kupereka malipoti awo ndi mabuku a zachuma chaka ndi chaka. Iyeyo akuti bodi ndiye bwana wa mkulu wa bungwe, osati mkulu wa bungwe kukhala bwana wa bodi. Papepala zili choncho. Koma kwathu kuno mamembala onse anawasankha ndi alamu, chidindo chili m'chikwama mwawo, makiyi a galimoto ali nawo, ndipo azungu amalankhula ndi iwo okha, ine ngakhale imelo yawo ndinachita kuiba pa kalata. Ndiponso azungu akamva za chinyengo kawirikawiri safunsa kuti wolakwa ndani, amangotseka mpopi. Pali ana amene bungweli lawathandizadi, awiri ndikuwadziwa ali kukoleji ya unamwino. Sizonse zomwe zinali zabodza, ndipo n'chifukwa chake mutu wanga waima.

Zomwe ndachita pakadali pano ndi zochepa. Ndinajambula pafoni tsamba la m'kope la ahedi lija ndi maminitsi abodza aja, ndinasindikiza n'kukasungitsa kwa mchemwali wanga. Atsikana awiri a Fomu 4 ndawalipirira temu ino ndi ndalama ya kubanki mkhonde, bambo akunyumba sakudziwa. Alamu ndinawauza kuti andipatse sabata ziwiri ndiganize, ndipo imodzi yatha kale.

Ndiye Azakhali, ndithandizeni. Kodi ndivomere mpandowo koma ndiike mfundo zanga polemba, kuti kubwere owerengera ndalama ochokera kunja alendo asanafike, ndipo akakana ndikhale ndi umboni woti ndinayesa? Kapena kuvomera kokhako ndiye kudzimangirira chingwe ndekha? Ndikatula pansi udindo, m'kalatamo ndilembe chifukwa chenicheni, ndipo ndipereke kwa ndani poti wapampando ndi alamu ndi amodzi? Kodi ndiyambe ndaonana ndi loya ndisanalankhule ndi wina aliyense, ndipo maalawansi ndinalandira aja ndibweze? Ku intavyu akandifunsa za bodiyi ndiyankhe kuti chiyani? Chomaliza, chomwe chikundisowetsa tulo kuposa zonse, bambo akunyumba ndiwauze ndisanachite kanthu, podziwa kuti foni yoyamba adzaimbira msuweni wawo, kapena adzamve zitachitika kale?

Ine wanu,
Mayi wothedwa nzeru,
Salima.