Apolisi a m'njira za pachipale si oseweretsa

A Mkonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Ontario, m'dziko la Canada, komwe chisanu chikafika minda, nkhalango ndi nyanja zimakwiririka ndi chipale chofewa kwa miyezi ingapo. Ndiloleni ndichenjeze abale athu amene ali kuno, makamaka ophunzira ndi amene angolandira kumene mapepala okhalira, pa nkhani ya njinga zamoto zoyenda pachipale, zomwe kuno amati snowmobile, ndi apolisi olondera njira zake.

Ambirife timakwera koyamba mnzathu wakuntchito akatiitanira kwawo Loweruka. Amakubwereka chisoti, nkukuonetsa poonjezera moto ndi pogwira buleki, basi wanyamuka. Poti uli m'tchire, mopanda phula kapena maloboti, mtima umakunamiza kuti lamulo latsala m'tauni. Lamulo liliko, ndipo limaluma kuposa mmene alendofe timaganizira.

Njira zambiri za kuno, zotalika makilomita pafupifupi 30,000, zimasamalidwa ndi makalabu a anthu ongodzipereka omwe ali pansi pa bungwe la Ontario Federation of Snowmobile Clubs, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967. Woyendamo amayenera kugula chiphaso cha njirazo nkuchimata pagalasi lakutsogolo. Amayeneranso kuvala chisoti, kukhala ndi laisensi, inshuwalansi ndi pepala la kalembera wa njingayo. Liwiro lololedwa ndi makilomita 50 pa ola. Amene amaonetsetsa zonsezi m'madera ambiri ndi apolisi a Ontario Provincial Police, ndipo nawonso amayenda pa njinga zomwezi.

Kawirikawiri amaima pamphambano kapena pomwe njira yadutsa msewu. Wapolisi wovala zokhuthala amakweza dzanja, iwe nkuima, kuzimitsa injini ndi kutukula galasi la chisoti kuti akuone nkhope. Apa mpamene umazindikira kuipa koika mapepala m'thumba lamkati: uvule magolovesi, zala zaumiratu ndi chisanu, zipi ikukana, anzako akudikira kumbuyo. Aikeni m'kapulasitiki, m'thumba lakunja. Zonse zikakhala m'malo, nkhani imatha mwachangu, mwinanso akuuzani pomwe njira yaonongeka kutsogolo.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi mowa. M'malo opumira ambiri amagulitsa chakumwa, ndipo munthu wozizidwa sachedwa kukopeka. Pamaso pa lamulo la milandu la Canada, njinga ya pachipale ndi galimoto ngati ina iliyonse. Kuyambira pa 18 Disembala 2018, wapolisi amene wakuimitsa movomerezeka ndipo ali ndi kachipangizo koyezera mowa angathe kukuuza kuti uuzire, ngakhale asanamve fungo lililonse. Kukana kuuzira ndi mlandu pawokha. Ukapezeka ndi mamiligalamu 80 a mowa kapena kuposa pa mamililita 100 a magazi, laisensi yako imaimitsidwa pomwepo kwa masiku 90, ndipo ndi laisensi yomweyo yoyendetsera galimoto yopita nayo kuntchito. Khoti likakupeza wolakwa koyamba, chindapusa chimayambira pa madola 1,000 ndipo dzina limalowa m'kaundula wa opalamula.

Kwa mbadwa ya Canada zimenezi ndi zowawa, koma imatsala kwawo. Kwa ife nkhani ndi ina. Chaka chomwecho cha 2018 chilango chachikulu cha mlanduwu chinakwera kufika zaka 10, zomwe zinaulowetsa m'gulu la milandu ikuluikulu pa malamulo oona za alendo. Ndiye kuti ngakhale amene ali ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale angathe kuthamangitsidwa. Zaka zonse zolimbana ndi mapepala, ndalama zimene makolo anasonkha, ana amene ayamba sukulu kuno, zonse zingathere pa mabotolo ochepa omwera m'kanyumba ka m'nkhalango. Mnzanu wakuno amene akukuuzani kuti limodzi lokha silivuta sakuika pachiswe zimene mukuika inu.

Ndinenenso ichi, ngakhale ena sichiwasangalatsa: chizolowezi cholankhula ndi bwana pambali, ya fanta itapindidwa m'laisensi, musachiyerekeze nkomwe. Mlandu wa chindapusa usanduka wa ziphuphu.

Sikuti okwera a kuno amawakonda apolisiwa. Ndimawamva akudandaula kuti makilomita 50 ndi ochepa kwa makina okhoza kuthamanga katatu kuposa pamenepo, pomwe ku Quebec, chigawo choyandikana nafe, amalola 70. Ena amakwiya kuimitsidwa kangapo tsiku limodzi. Pena ndimawamvetsa. Ndikanakonda apolisi akanamachuluka usiku, pafupi ndi malo omwera ndiponso m'mbali mwa nyanja, kusiyana ndi kufola masana kufufuza mapepala a mabanja oyenda ndi ana. Komabe amene amafuna kuti achokeretu amaiwala kuti njira zambiri zimadutsa m'minda ya eni ake, omwe anangolola mwa ufulu wawo. Anyamata ochepa akapatuka nkupondaponda tirigu amene wagona pansi pa chipale, kapena akamabangula pakati pa usiku ndi ekizozi yosinthidwa, mlimi amatseka chipata, ndipo kalabu yonse imataya njira. Anthu ongodzipereka alibe mphamvu zogwira otere. Apolisi ali nazo.

Kupatuka panjira yoikidwa zizindikiro kumaphanso. Mu Januwale 2020, pa nyanja ya Lac Saint-Jean ku Quebec, gulu la alendo ochokera ku France linasiya njira madzulo nkulowa pamalo pomwe madzi sanaume mokwanira. Alendo asanu ndi wowatsogolera anamwalira. Ife amene tinakulira kotentha sitidziwa kuwerenga madzi oundana. Pamwamba pamaoneka poyera chimodzimodzi, kaya pansi pake ndi polimba kaya mtsinje ukuyenda. Wapolisi akakubwezani pamenepo musaone ngati akukuonongerani tsiku.

Ngati mwaona kuti wapolisi sanakuchitireni chilungamo, poti zoterezi zimachitika ndipo munthu wakuda amakhala ndi zifukwa zokayikira, m'tchire si mokanganirana. Musathawe, chifukwa kusaima ndi mlandu wina. Perekani mapepala amene wapempha, funsani dzina lake ndi nambala yake mwaulemu, ndipo lembani malo ndi nthawi. Tikiti ya ku Ontario imakupatsani masiku 15 oti musankhe kulipira kapena kukatsutsa kukhoti. Ikakhala nkhani ya mowa, musavomere mlandu musanaonane ndi loya wodziwa malamulo oona za alendo.

Ine wowerenga wanu,
Sudbury, Ontario