Kwathu akuti ndikubisa malipiro, pomwe ndine wongodzipereka

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 20. Kwathu ndi ku Tsangano m'boma la Ntcheu, koma panopa ndikukhala ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito yongodzipereka ya chaka chimodzi pansi pa bungwe lina la mpingo wathu, ndipo theka la chakacho ladutsa. Aka n'koyamba kuchoka pakhomo pa amayi. Ndisanabwere kuno, ulendo wanga wautali unali wa ku Lizulu kukagulitsa mbatatesi ndi kabichi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndakulemberani chifukwa mutu wanga waima, ndipo aliyense amene ndingamufunse nzeru ali ndi mbali yake pa nkhaniyi.

Mayeso a MSCE ndinakhoza, koma mapointi anga sanandifikitse ku yunivesite, ndipo masamu sindinachite bwino kwenikweni. Mtima wanga uli pa uphunzitsi. Ndimafuna ndilembenso masamuwo kuti ndikapikisane bwino ndi anzanga polowa ku koleji ya aphunzitsi (TTC). Nditakhala pakhomo chaka chathunthu ndikungolima, abusa analengeza m'tchalitchi kuti bungwe likufuna achinyamata okathandiza ana m'tauni. Ananena poyera kuti malipiro palibe. Chimene atipatse ndi malo ogona, chakudya, kangachepe kogulira sopo ndi mayunitsi mwezi ukatha, ndiponso satifiketi ndi kalata ya umboni tikamaliza chaka. Tsiku losaina mapepala amayi analipo, malume analiponso, ndipo ndi malumewo amene anati pita mwana wanga, ukaone dziko.

Ntchito yake ndimaikonda, zimenezo ndisabise. M'mawa uliwonse ndimatsika wapansi kupita ku Mtandire, bwalo la masewero la Bingu likuonekera poteropo, kukathandiza pa sukulu ya mkombaphala. Tili ndi ana a zaka zitatu mpaka zisanu. Timaimba nawo, timawaphunzitsa kugwira choko ndi kuwerenga manambala ndi zitsekerero za mabotolo, kenako timawaphikira phala la chimanga chosakaniza ndi soya, lija amalitcha Likuni Phala. Pali ana ena amene ukawaona mmene akukombera mbale umadziwiratu kuti dzulo anagona ndi njala. Masana amabwera a Sitandade 1 mpaka 4 amene kuwerenga kukuwavuta. M'kalasi mwawo amakhala ochuluka moti mphunzitsi sangathe kufika pa aliyense, ndiye kwa ife amakhala pamphasa timagulu ting'onoting'ono, n'kumabwereza a, e, i, o, u mpaka zitalowa. Pali kamnyamata kena kamene kanabwera kakulemba dzina lake chozondoka. Pano kakuwerenga zikwangwani za m'maokala mokuwa, anthu n'kumaseka. Kakandiona patali kamathamanga, "Madamu! Madamu!" Ine amene kwathu ndimangotchedwa iwe.

Vuto loyamba lili kumene ndimagona. Bungwe linandipezera malo kwa mkulu wa mpingo wina, banja lolemekezeka ndithu. Sandinyoza, sandimana chakudya, ndili ndi bedi langa. Koma mwezi womwe ndinafika, mtsikana wantchito amene anali pakhomopo anamuuza kuti apite kwawo. Kuyambira pamenepo ine ndi amene ndimadzuka 4 koloko kukolopa, kutsuka mbale za dzulo, kutereka madzi osamba a banja lonse ndi kukonzekeretsa ana awo kusukulu. Ndikaweruka ku Mtandire ndimapeza zochapa zikundidikira, mbaula ili yozizira. Madzi akasiya kutuluka pampopi, wonyamula zigubu ndine. Loweruka ndi la kusita. Kukabwera alendo, amayi a pakhomopo amati, "Uyu ndi mtsikana wathu wa ku Ntcheu, ndi wolimbikira zedi," ine ndili chogwada ndi beseni la madzi osamba m'manja.

Azakhali, musandiyese waulesi. Ndinakulira pa khasu, ndipo kwathu mwana wamkazi sakhala manja lende pakhomo pa eni. Ntchito zapakhomo ndikanagwira ndithu ngakhale osandituma. Koma ndinamva kwa mnzanga amene tinabwera naye limodzi kuti bungwe limapereka ndalama kwa mabanja otisunga mwezi ndi mwezi, ya chakudya chathu. Iyeyo kumene akukhala amagawana ntchito ndi ana a pakhomo, ndipo madzulo amapeza mpata wowerenga. Ine buku la masamu ndikangolitsegula tulo timandigwira. Tsiku lina ndinasinza ana akuimba, mayi wina wodzatenga mwana wake n'kundifunsa ngati ndili ndi pakati. Ndinachita manyazi osaneneka.

Ndaganizapo zokauza atsogoleri a bungwe, koma amene amatiyang'anira amapemphera mpingo umodzi ndi banja limeneli, ndipo akazi awo ali limodzi m'chigwirizano cha amayi. Nkhani ikafika kumeneko, madzulo omwewo ikhala itabwerera pakhomo. Ndiye ndizidya bwanji nsima yawo? Komanso abusa a kwathu ndi amene anandilembera kalata yondivomereza. Ndikuopa kuti zidzamveka kumudzi kuti mwana wa uje anakachita mwano m'nyumba ya mkulu wa mpingo.

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwambiri ndi cha kwathu. Nditangofika anatipatsa malaya olembedwa dzina la bungwe ndi kachiphaso kokoleka m'khosi. Ndinajambulitsa n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa msuweni wanga kuti akawaonetse amayi. Chithunzicho chinazungulira mudzi wonse. Kuyambira pamenepo anthu akuti ndili pa ntchito ya ku ofesi ku Lilongwe, ndipo ena akuti ndi ya azungu, ndimalandira madola. Amene anali nane posaina mapepala aja aiwala zonse. Foni ikangolira kamodzi n'kuduka, ndimadziwa kuti ndi kumudzi, akufuna ndiimbe ndine. Mlongo wanga wamng'ono nsapato za kusukulu zatha. Agogo akufuna ya mankhwala a miyendo. Azakhali anga enieni akuti ndiwatumizire kena kake pa Mpamba, denga likudontha. Palibe amene akunama, mavutowo ndimawadziwa, ndinawasiya ndikuwaona. Chilala cha 2024 chinatisiya nkhokwe zili pululu, ndipo mpaka pano sitinadzuke bwinobwino.

Ndalama imene ndimalandira ndi K60,000. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inu mukudziwa mmene zinthu zakwerera. Ndikagula sopo, mafuta odzola, zofunika za ife atsikana, mayunitsi, n'kuchotsa chakhumi, imatsala yochepa kwambiri. Ndimayenda wapansi dala, ngakhale mvula ikugwa ndi matope a ku Mtandire aja, kuti ya kabaza ndiisunge. Pa yotsalayo theka ndimatumiza kwa amayi, theka ndimabisa m'Baibulo kuti ndidzalipirire mayeso a masamu. Tsono pano akuti ndigule feteleza. Thumba limodzi lokha mtengo wake ukuposa ndalama yonse imene ndimalandira pa mwezi. Nditawafotokozera malume zimenezi anandiyankha kuti, "Tauni yakulowa eti? Ukudya wekha. Mayi ako anagulitsa mbuzi kuti iwe uphunzire." Za mbuzizo ndi zoona. Ndinangodula foni n'kukalira kuseri kwa bafa, poti m'nyumba ya eni sulira mokweza.

Mwezi wathawu kunagwa maliro a mng'ono wawo wa agogo, amene anandilera amayi akadwala. Uthenga unandipeza usiku. Minibasi yochoka ku depoti kukatsikira pa Tsangano Turn-off, kuwonjezera ya njinga yamoto yokwera kumapiri kwathu, kupita ndi kubwerera, ikanatha ndalama yanga yonse ya mayeso, osawerengera chipepeso. Ndinakhala nayo m'manja ndalamayo mpaka kunja kunacha. Sindinapite. Ndinatumiza kangachepe ka chipepeso basi. Amayi sanandikalipire, anangoti, "Tamva, mwana wanga, taika bwino." Koma mawu awo anali ozizira, ndipo chiyambire tsiku limenelo saimbanso okha, amatuma mlongo wanga. Kumanda anthu ankafunsana kuti wa ku Lilongwe uja ali kuti. Kwathu munthu wosabwera pamaliro a amene anamulera samuiwala msanga.

Kusungulumwa nakonso kulipo, ngakhale sindifuna kukuchulutsa. Lilongwe ndi yodzaza anthu koma moni ndi wosowa. Usiku kumamveka nyimbo za m'mabala ndi agalu a m'mipanda. Ndimasowa kuzizira kwa kwathu, kuotha moto ndi agogo tikuwotcha mbatatesi, ndi kuyankhula mosasankha mawu. Anzanga odzipereka ena ndi ana a m'tauni momwe muno, makolo awo amawatumizira ndalama m'malo moti iwo atumize. Loweruka akamapita kukazungulira ku Gateway Mall ndimanamizira kuti ndili ndi zochapa, ngakhale kuti zochapazo zimakhalapodi. Iwo chaka chino ndi chongodikira kuti sukulu itsegulidwe. Ine sindingawafotokozere za feteleza, sangamve.

Tsono kwabwera mayesero. Mayi wina amene mwana wake ndimamuphunzitsa amagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka. Waona mmene ndimawerengera ndalama za phala ndi kulemba m'kaundula, ndipo akuti akufuna mtsikana wokhulupirika womukhalira pa benchi iye akapita kukaoda mabelo. Akulonjeza kundipatsa yoposa imene ndikulandira pano, chakudya chamasana, ndiponso kachipinda kumbuyo kwa nyumba yake. Nditamuuza za satifiketi ndi kalata ya umboni anaseka, amvekere, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe. Pepala udzadya? Angati ali ndi madigiri akuyenda ndi maenvelopu ku Capital Hill?" Sindinamuyankhe, chifukwa anthu a maenvelopuwo ndimakumana nawodi. Komabe palibe chimene talemberana, ndi mawu apakamwa chabe, ndipo bizinesi ya kaunjika ndimamva eni ake akudandaula kuti belo lina limatuluka nsanza zokhazokha. Ikadzagwa ndidzalowera kuti? Kubungwe ndidzakhala nditatseka chitseko ndekha, kumudzi ndidzabwerera wopanda pepala, wopandanso ndalama.

Ndiponso ndikaganiza zowasiya ana aja pakati pa chaka, mtima umandiwawa. Odzipereka tilipo ochepa. Ndikachoka, gulu langa la masana lidzangomwazika, poti wina wolowa m'malo amabwera chaka chikatha. Ndinalonjeza pamaso pa mpingo kuti ndimaliza. Koma kodi lonjezo kwa ana a eni lingapose amayi ondibereka amene akulowa dzinja opanda feteleza? Funso limeneli ndalitembenuza mbali zonse. Tsiku lina ndimadzuka nditatsimikiza kuti ndikhala, pofika madzulo foni ikalira ndimakhala nditasintha.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndipirire miyezi yatsalayi, kapena nditenge ntchito ya ku Tsoka kuti kwathu apumeko? Ngati ndi kupirira, malume ndiwauze mawu otani oti akhulupirire kuti ndalama sindikubisa? Ndaganiza zopempha abusa a kwathu kuti akakhale nawo pansi, poti iwo ndi amene akudziwa mmene mgwirizano unalili, koma ndikuopa kuti malume adzati ndawatengera kubwalo. Nanga za pakhomo pamene ndikukhalapa, pali njira yoti mwana ngati ine n'kuuza munthu wamkulu kuti ntchito yandichulukira, popanda kuoneka wamwano kapena wosayamika? Kapena ndipemphe kuti andisamutsire kwina osatchula chifukwa? Ndipo amayi anga, amene sakundiimbiranso, ndiyambire pati kuti mtima wawo ubwerere?

Mayi wa kaunjika uja wati ndimuyankhe mwezi uno usanathe, apo ayi atenga mwana wa mchemwali wake. Chonde dzina langa musalitchule, nyuzi yanu imafika pakhomo pano ndipo abambo amaiwerenga yonse.

Ine mwana wanu,
Mtsikana wa ku Tsangano,
Area 49, Lilongwe.