Za galimoto yokuchingamirani pabwalo la ndege

Achimwene,

Kalata yanu ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, tikudzuka ndithu. Za ntchito yatsopanoyo ndakunyadirani kwambiri, ngakhale ndikuona kuti alamu azikuonani mwa apo ndi apo, poti mwati mwezi uno muli mzinda uwu, mwezi wa mawa mzinda wina. Mwandifunsa ngati n'kwanzeru kubukitsiratu galimoto yoti izikutengani pabwalo la ndege kukakutulani ku hotela, kapena kungofika n'kuonera komweko zochita. Yankho langa litalikirapo, mupirire nane.

Ndiyambe n'kunena mosabisa kuti galimoto yobukitsiratu siifunika ulendo uliwonse. Mukatera masana, muli nokha, kachikwama kamodzi, mumzinda woti sitima imanyamukira pabwalo pomwepo, kwerani sitima basi. Ku London, Heathrow Express imakufikitsani pa Paddington m'mphindi 15, pamene galimoto ikhoza kutha ola lathunthu ikukwawa pamzere. Ku Johannesburg, Gautrain imachoka pa OR Tambo n'kukafika ku Sandton m'nthawi ngati yomweyo. Palinso mizinda imene mtengo wa takisi yochokera pabwalo unakhazikitsidwa ndi lamulo, monga Paris kuyambira mu 2016, kapena New York ukamachoka pabwalo la JFK kupita ku Manhattan. Kumeneko takisi ya pamzere wovomerezeka ilibe vuto. Koma mukatera pakati pa usiku, thupi lili lefu, chinenero simukuchimva, masutikesi awiri m'manja, kapena tsiku lina mwatengana ndi alamu ndi ana, pamenepo ndalama yobukitsirayo siipita pachabe. Ikukugulirani munthu woti akudikireni, wodziwa ndege imene mwakwera, pamtengo umene mwagwirizana muli kunyumba mutu ukugwira bwinobwino.

Tsono pa fomu imene mudzadzaze pa intaneti, kabokosi kofunika kuposa tonse ndi ka nambala ya ndege. Nambalayi ili pa tikiti yanu: zilembo ziwiri za kampani, kenako manambala. ET ndi Ethiopian Airlines, KQ ndi Kenya Airways, EK ndi Emirates, TK ndi Turkish Airlines. Kampani yochita zinthu mwadongosolo imailondola ndegeyo pa kompyuta, monga momwe inunso mungachitire pa tsamba la pa intaneti la Flightradar24, ndipo ikachedwa ndi maola atatu, dalaivala naye amasintha nthawi yonyamukira. Mukangolemba nthawi yokha, dalaivala adzafika pa nthawi yomweyo, adzadikira mpaka nthawi imene anamupatsa itakwana, n'kubwerera. Mu ofesi mwawo adzalemba kuti kasitomala sanaoneke, ndipo ndalama zotero sabweza.

Ngati mukusintha ndege panjira, titi ku Addis Ababa kapena ku Dubai, lembani nambala ya ndege yomaliza, imene idzakutsitseni mumzindamo. Apa pali msampha umene ambiri sauona. Tiyerekeze kuti ndege yoyamba yachedwa, yachiwiri yakusiyani, ndipo akuikani m'ndege ya mawa. Ndege imene munalemba ija idzatera pa nthawi yake bwinobwino, inu mulibemo. Kompyuta ya a galimoto siidziwa amene wakwera, imangoona kuti ndege yatera, ndipo dalaivala adzaima ndi dzina lanu mpaka mwendo kuwawa. Choncho mukangopatsidwa tikiti yatsopano, musanayambe n'komwe kufunafuna pogona, atumizireni uthenga wa nambala yatsopanoyo. Nthawi zinanso ndege imodzi imakhala ndi manambala awiri kapena atatu chifukwa makampani amagawana mipando. Pa tikiti pamalembedwa kampani imene ikuyendetsadi ndegeyo, ndipo nambala yake ndi imene savutika kuilondola.

Tsiku nalo limapusitsa anthu ophunzira bwinobwino. Mwanyamuka Lachisanu, mutu wonse uli pa Lachisanu, koma ndege yotera 00:40 yatera Loweruka. Mukalemba deti la Lachisanu ndi nthawi ya 00:40, galimoto idzabwera tsiku lathunthu inu musanafike. Kumbukiraninso kuti nthawi yofikira imene ili pa tikiti ndi ya komwe mukupitako, musavutike kuwonjezera kapena kuchotsera maola. Ndipo poti a ku America amayamba kulemba mwezi kenako tsiku, 03/04 kwa ena ndi pa 3 Epulo, kwa ena ndi pa 4 Malichi. Imelo yotsimikizira ikabwera, onani kuti mweziwo aulemba motani.

Dzina la mzinda palokha silikwanira, chifukwa mizinda ikuluikulu ili ndi mabwalo angapo. London yokha ili ndi 6: Heathrow, Gatwick, Stansted, Luton, City ndi Southend, ndipo ena ali kumwera, ena kumpoto, motalikirana kwambiri. Istanbul ili ndi bwalo lalikulu limene pa tikiti amalilemba IST kumbali ya ku Ulaya ndi Sabiha Gökçen, SAW, kutsidya la ku Asia. Ku Tokyo, Narita ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchoka pakati pa mzinda, pamene Haneda ili pafupi. Mabwalo ena amangobwereka dzina la mzinda: Beauvais amaitcha ya Paris koma ili pamtunda woposa makilomita 80, ndipo Frankfurt-Hahn ili makilomita oposa 100 kuchoka ku Frankfurt. Munthu amasangalala kuti wapeza tikiti yotsika mtengo, kenako ndalama imene wapulumutsa ithera pagalimoto. Zilembo zitatu zimene zili pa tikiti zija, monga LHR ya Heathrow, LGW ya Gatwick, NRT ya Narita, ndi zimene muziyang'ana. Ngati bwalolo lili ndi ma terminal angapo, ndiko kuti nyumba zosiyana zokwerera ndi kutsikira ndege, monga Heathrow imene ili ndi 2, 3, 4 ndi 5, lembaninso terminal yake. Hotela nayonso muzilemba ndi adiresi yonse, chifukwa kampani imodzi ikhoza kukhala ndi mahotela anayi a dzina lofanana mumzinda umodzi.

Funso limene ndimafuna aliyense azifunsa asanalipire ndi la nthawi yodikirira. Makampani ambiri amapereka mphindi 45 kapena ola limodzi osalipiritsa, ndipo amayamba kuwerenga ndege ikangotera. Kuliona pa pepala ola limaoneka lambiri. Koma ganizirani: kutsika m'ndege, mwina kukwera basi yopita kunyumba ya bwalolo, mzere wa pasipoti umene ukhoza kukhala wautali ngati ndege zikuluzikulu zitatu zaterera limodzi, viza ngati mukugulira pomwepo, kudikira masutikesi, kenako oona za msonkho wa katundu. Sutikesi imodzi ikasowa, kulembetsa kokha kumadya theka la ola. Ndiye funsani kuti amadikira nthawi yaitali bwanji, amayamba kuwerenga liti, nanga ikapitirira amalipiritsa motani. Paja safunsa anadya phula. Ngati fomu ikulola kusankha nokha nthawi yokumanirana, ndipo mukudziwa kuti muli ndi viza yogulira pabwalo, ikankhireni kutsogolo. Mukaona kuti mzere sukusuntha, mulembereni dalaivala mawu awiri okha oti mwafika, muli pamzere. Munthu amene wamva kuti mulipo sachoka msanga.

Kuti muthe kulemba uthengawo, foni iyenera kugwira ntchito, ndipo apa m'pamene mapulani ambiri abwino amafera. Nambala imene mupereke pa fomu ikhale ndi manambala oyambirira a dziko lake, ndipo ikhale imene ili pa WhatsApp, chifukwa madalaivala ambiri amalankhulira pamenepo. Mabwalo ambiri ali ndi Wi-Fi yaulere, koma ina imafuna kukutumizirani kanambala pa SMS, ndipo ngati laini yanu siigwira kunja mwatsekeredwa panja. Konzeranitu roaming (kuti laini yanu izigwira kunja) kapena eSIM (laini yoika m'foni kudzera pa intaneti) musananyamuke, batire likhale lodzaza. Imelo yotsimikizira ija ijambuleni pa foni kuti izioneka popanda intaneti, ndipo ine ndimakonda kuisindikizanso pa pepala. Ena amandiseka kuti n'zachikale, koma pepala silitha moto.

Werenganinso bwino za malo okumanirana, poti pali mitundu iwiri. Ena dalaivala amalowa mkati n'kuima potulukira atanyamula chikwangwani cha dzina lanu, n'kukunyamulirani katundu mpaka pagalimoto. Ena amakuuzani kuti mutuluke nokha mukaime pa chitseko chakuti kapena poimika magalimoto pakuti. Wachiwiriwu umatsika mtengo, koma usiku, kukuzizira, ana akulira, mudzalakalaka mukanasankha woyamba. Takisi zoitanitsa pa foni za Uber ndi Bolt nazonso nthawi zambiri zili ndi malo akeake onyamulira anthu, ena patali ndithu ndi potulukira, ndipo mtengo wake umakwera anthu akachuluka.

Mukangotuluka pa chitseko chomaliza mudzakumana ndi anthu okuitanirani, ena ovala bwino, ena ndi kakhadi kolendewera pakhosi. Wina adzakufunsani mwaulemu kuti mukudikira ndani, n'kukuuzani kuti dalaivala wanu wachedwa ndipo watuma iyeyo. Musatchule dzina lanu kapena la hotela. Musiyeni iye atchule. Dalaivala weniweni ali nazo kale zonsezo pa foni pake, ndipo makampani ambiri amakutumizirani dzina lake ndi nambala ya galimoto kutatsala maola ochepa. Yerekezani nambalayo musanaike sutikesi m'buti. Ngati mwayang'ana ponseponse ndipo dzina lanu palibe, musachoke pamalo okumaniranawo musanaimbire nambala ya kampani, chifukwa mukakwera galimoto ina mwakachetechete adzati ndinu amene simunaoneke. Uthenga umene mwatumiza uli ndi nthawi yake, ndipo ndi umboni wanu pofuna kuti akubwezereni ndalama.

Za kukula kwa galimoto sindichulutsa. Akalemba kuti ya anthu atatu, buti yake imalowa masutikesi aakulu awiri, mwina atatu movutikira. Werengani katundu kuposa mitu ya anthu, ndipo mukakhala ndi banja tengani yaikulu. Mpando wa mwana muupemphe pobukitsa, mutchule zaka zake, chifukwa m'mayiko ambiri ndi lamulo ndipo dalaivala sayenda nawo ngati sanauzidwe.

Tsopano ndalama. Ubwino waukulu wobukitsiratu ndi woti mtengo umadziwika, koma onetsetsani kuti wadziwikadi wonse. Funsani ngati muli kale ndalama ya pa zipata zolipiritsa pamsewu, ya poimika galimoto pabwalo, ndi yowonjezera ya usiku. Onaninso ngati mtengowo ndi wa galimoto yonse kapena wa munthu mmodzi, chifukwa mukaona wotsika modabwitsa kawirikawiri imakhala minibasi yogawana ndi ena, imene imadikira kuti anthu akwane n'kumazungulira mahotela asanu isanafike pa yanu. Makampani ambiri amalola kusintha maganizo kwaulere kutatsala maola 24, ena 48, ndipo poti misonkhano ya kuntchito imasunthasuntha, ine ndingalolere kuwonjezera pang'ono kuti ndikhale ndi ufulu umenewo. Polipira ndi khadi, makina akakufunsani kuti mulipire m'ndalama ya kwanu kapena ya dzikolo, sankhani ya dzikolo. Kusintha kwa pa makinawo kumadya kwambiri kuposa kwa banki yanu. Lisiti musaiwale, a ku akaunti kuntchito kwanu sadzamva nkhani ya pakamwa.

Mwina mukudabwa kuti mubukitse kwa yani. Masamba ambiri a pa intaneti alibe galimoto ndi imodzi yomwe. Iwo amalandira ndalama n'kupereka ntchitoyo kwa kampani ya mumzindamo, ndiye zikasokonekera mumapezeka mukuimbira munthu amene ali dziko lina, naye ayambe kufunafuna dalaivala. Sikuti ndi oipa, ambiri amayendetsa bwino, kungoti sankhani amene akupatsani nambala yoyankhidwa usana ndi usiku, ndipo powerenga ndemanga za makasitomala yang'anani zimene anachita ndege itachedwa. Nyenyezi zisanu za munthu amene anafika masana zonse zili bwino sizikuuzani kanthu. Ine ndikamapita mzinda wachilendo ndimayamba ndalembera hotela yomweyo. Galimoto yawo imadulirapo, inde, koma dalaivala sangasochere, ndipo akalephera kubwera muli ndi woti mumuyang'ane m'maso m'mawa mwake. Mahotela ena, makamaka oyandikira bwalo, ali ndi basi yawo yaulere, ndiye kufunsako kukhoza kukupulumutsirani ndalama yonse. Mukalata yomweyo auzeni nthawi imene mudzafike. Zipinda zambiri amapereka cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana, ndipo mukafika m'bandakucha popanda kupangana mudzakhala pampando wa polandirira alendo mpaka dzuwa litapendeka. Mukafikanso usiku kwambiri osawauza, ena amaganiza kuti simubwera.

Ulendo wobwerera ndi wosiyana pang'ono, chifukwa nthawi yonyamukira mumasankha ndinu ndipo ndege siidikira. Werengani chobwerera m'mbuyo: pabwalo mufike kutatsala maola atatu ngati ndi ndege yopita dziko lina, onjezerani nthawi ya pamsewu, kenako onjezeraninso ngati ndi nthawi yoti anthu akupita kapena kuweruka kuntchito. A polandirira alendo pa hotela amaidziwa misewu yawo kuposa mapu a pa foni, afunseni dzulo lake.

Mukadziwa mzinda woyamba ndi tsiku lake, munditumizire chithunzi cha tikitiyo tione limodzi zilembo zitatu zija ndi nthawi yoterera musanalipire kalikonse. Mupereke moni kwa onse kumeneko.

Ndine mnzanu wa kalekale.