Amene akuyang'anira pulu musamamutume chipisi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi poti October wayandikira ndipo ndi mwezi umene ine sindigona tulo tabwino. Ndimagwira ntchito pa loji ina kumunsi kwa Dedza kuno, cha ku Mtakataka, pamene pali pulu yosambira yoti aliyense akangolipira pageti amalowa. Ndine wamkulu wa ma lifeguard, aja olondera anthu osambira kuti asamire, ndimayang'anira anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi. Dzina la lojiyo sinditchula, abwana anga amawerenga nyuzi, komanso matendawa si awo okha.

Anthu akamva Dedza amangoganiza za chisanu ndi kachewere nde amaseka kuti pulu ku Dedza ya chani. Atsike Khwekhwelere mu October adzaone mmene dzuwa limaswera mtengo kuno, Loweruka mmadzi mumadzadza moti pena madziwo sumawaona, umangoona mitu.

Chaka chatha Loweruka lina ndinali kuseri kokhala mapampu ndikuyeza klorini. Pampando ndinasiya mnyamata wanga wamng'ono pa onse, mwana waulemu kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unatsala pang'ono kutiphetsa mwana wa eni. Bambo ena pabala anamukodola, iwe tabwera, kanditengere chipisi changa kukhitchini. Iye poti anakula akumva kuti wamkulu sakanizidwa, basi kunyamuka. Ine potulukira ndangoona mpando uli wokha wezulo ali pansi. Kuponya maso mmadzi, kamtsikana ka zaka mwina 6 kali chiimire pamene pamayambira pakuya, mutu kapendeketsera kumbuyo, kukamwa kukungomira ndi kutuluka, tsitsi lili kumaso, timanja tikupalasa ngati kakukwera makwerero. Osakuwa olo pang'ono. Anthu anali mbali zonse, wina pafupi poti akanangotambasula dzanja, mayi ake ali chapomwepo ndi foni akujambula mkulu wake akudumpha. Ndinalowa ndi nsapato zomwe. Nditakatulutsa kanasanza madzi ndi Fanta kenako kanalira, ndipo abale kulira kwa mwana sikunandikomerepo ngati tsiku limenelo. Ndinawakakamizabe makolowo kuti apite naye kuchipatala ngakhale amati wachira, chifukwa madzi akalowa mmapapo mwana amatha kuyamba kubanika patapita maola ali kunyumba. Bambo a chipisi aja? Anakadandaula kwa manijala kuti chabwera chozizira.

Mnyamatayo sindinamuchotse. Ndinamukalipira inde, mpaka analira, koma mumtima ndimadziwa kuti wolakwa weniweni ndi ife amene tinamuzoloweretsa kuti ndi wantchito wa aliyense.

Chimene anthu sadziwa nchakuti munthu akamamira sakuwa. Zokuwa zija ndi za mmafilimu. Kukamwa kukatuluka pamwamba amangokwanitsa kukoka mpweya basi, mawu alibe, ndipo mwana sizitenga ndi mineti yomwe kuti alowe pansi. Akakhala mphindi 4 kapena 6 osapuma bongo umayamba kuonongeka. Nchifukwa chake pa ntchito yathuyi timaphunzitsana kuti maso azungulire dera lako lonse pa masekondi 10, ndipo ukaona vuto ufikepo asanathe masekondi 20. Nde tandiuzeni, kukhitchini kupita ndi kubwera ndi masekondi angati?

Ine ndili ndi timalamulo tanga timene anyamata amati ndi nkhanza. Foni zonse mmawa zimalowa mu drowa yanga, WhatsApp ndi kubetcha mpira akazionera pa buleki. Pampando munthu sapitirira mphindi 30, amasinthana, chifukwa kuyang'ana madzi onyezimira padzuwa kumaledzeretsa, umapezeka maso ali pamadzi koma mutu uli pa ngongole ya kwa katapila. Ndipo wosiya mpando sadzuka mnzake asanafike nkumuuza kuti uyo wa kabudula wofiira satha kusambira, awo pakona amwa. Koma malamulo amenewa amagwira bwanji pamene abwana akuona munthu wangokhala pampando nkumati tikumulipira zaulele uyu, atchetcheko kapinga, atsitseko makireti, athandizeko ma weta? Akaona tsiku latha popanda ngozi amati palibe chimene tagwira. Chonsecho ntchito yake ndi imeneyo.

China ndi kalembedwe ka ntchito. Malo ambiri amangofunsa kuti kwanu nkuti, ukati ku nyanja basi walembedwa. Inenso ndinakulira mphepete mwa nyanja cha ku Golomoti, ndinayamba kusambira ndisanayambe sitandade 1, koma kusambira ndi kupulumutsa munthu ndi zinthu ziwiri. Womira amakukwera pakhosi ndi mphamvu zoti sungakhulupirire, ngakhale mwana wa fomu 1 atha kukumiza iwe chimunthu chachikulu. Nde choyamba timaphunzitsa kuti usalowe ngati pali njira ina, mupatse ndodo yayitali, muponyere chubu kapena chigubu chotseka chomanga chingwe, kulowa kukhale komaliza ndipo umufikire cha kumbuyo. Izi olo ku Linthipe kapena ku Livulezi mvula ikagwa zimagwira ntchito, chigubu pakhomo paliponse chilipo.

Nanga akatuluka osapuma? Apa mpamene ndimalimbana ndi khamu, aliyense amasanduka dokotala. Wina mzondotseni madzi atuluke, wina mupondeni pamimba. Ayi ndithu, kumeneko nkutaya nthawi ndipo zammimba zimatha kubwerera nkumutsamwitsa. Chimene wasowa munthuyo ndi mpweya. Mugonekeni chagada, mutsegule njira ya mpweya, mumuuzire mkamwa kasanu, kenako kukanikiza pachifuwa ka 30 kuuzira kawiri, ka 30 kawiri, osaleka mpaka atayamba kupuma kapena thandizo litafika. A Red Cross amaphunzitsa zimenezi, koma kuti mwini loji atulutse ndalama yotumizira anyamata ake kumaphunziro, mpaka ugwade.

Za matiripi a sukulu nde ndingadzadze tsamba lonse. Kosita imatsitsa ana a ku Lizulu kapena Tsangano amene madzi akuya amene anawaonapo ndi a mmaondo kudimba, onse kuthamangira mmadzi nthawi imodzi, aphunzitsi awiri amene abwera nawo akhala pansi pa mtengo ndi kanyenya. Aphunzitsi anga ndimakulemekezani, koma mukawerenga ana pokwera basi muziwawerenganso ali mmadzi. Ine masiku ano ndimawafoletsa kaye, aliyense awoloke mbali yosaya ndikuona, wolephera sadutsa chingwe olo alire. Ndipo makolo, timatayala topopa timene mumagula mtauni tija ndi zidole, timatembenuka.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira mmadzi padziko lonse, ndipo pa anthu anayi alionse mmodzi anali mwana wosafika zaka 5. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ku Africa kuno nkumene kuli koipitsitsa. Kuli ndi tsiku lokumbutsana za kupewa kumira, pa 25 July, koma kuno limadutsa ngati Lachiwiri wamba.

Pempho langa kwa a khonsolo ndi a zokopa alendo ndi lakuti mukamayendera malojiwa musamathere kukhitchini ndi kuzimbudzi. Fikani papulu, funsani kuti amene akulondera ndi ndani, pepala lake la first aid lili kuti, ndodo ndi chubu zili pati. Muonenso madziwo. Magetsi akazima masiku awiri pampu imaima madzi nkuyamba kubiriwira, ine ndimaponya K10 yachitsulo kumbali yakuya, ndikapanda kuiona pansi ndimatseka, chifukwa ngati sindikuona ndalama mwananso sindingamuone. Pa nkhani imeneyi ndinalandirapo kale kalata ya chenjezo, eti ndinaluzitsa kampani.

Pa 15 October ndi tsiku la anakubala, magalimoto adzatsika phiri muno ngati nyerere. Mtsikana wanga uja ali patchuthi cha uchembere ndipo mnyamata mmodzi wapeza ntchito ku Salima, nde tidzakhala atatu. Abwana ndawauza kale kuti mbali yakuya ndidzamangako chingwe tsiku lonse pokhapokha andipatse munthu wina, anangoti tiona. Mukadzabwera nkupeza mnyamata wa malaya ofiira akukukanirani kukatenga Green, musadzamutukwane, ndamutuma ndine, ndipo ndidzakhala chapomwepo.

Wamkulu wa ma lifeguard,
Mtakataka, Dedza